Makangaza Osinja mu Mtondo

Pa mpingo wina wa m'mapiri a ku Ntcheu, pamudzi wotchedwa Kamphande, panali anthu anayi amene fanizo ili likuwakhudza. Woyamba ndi Dikoni Yotamu Mkwezalamba, nkhalamba imene inagwira ntchito m'dimba la mishoni kuyambira pa unyamata wake. Wachiwiri ndi Mayi Felesiya Kumbanyiwa, wapampando wa amayi a mumpingomo, amene anzawo ankawaitana ndi mfunda wawo kuti Nangozo. Wachitatu ndi Mayi Rute Chadzunda, Nasoko, wachiwiri kwa wapampando. Wachinayi ndi Mkulu wa Mpingo Bambo Elifasi Dzonzi, amene ankatsogolera bwalo la akulu. Musatembenuke kuyang'ana mnzanu, pakuti mainawa si a muno. Khalani bwino, mumve.

Kuseri kwa nyumba ya a Mkwezalamba kunali mitengo isanu ndi inayi ya makangaza. Inali pamzere woongoka, chifukwa mwini wake anaibzala atakoka chingwe. Amene simunalionepo khangaza, ndi chipatso chachikulu ngati lalanje, cha khungu lolimba ngati chikopa. Mukalinyema mupeza njere zofiira zambirimbiri, zowala ngati mikanda, zitapanikizana m'tizipinda. Pakati pa tizipindato pali timakoko toyera. Madzi okoma ali m'njere zofiirazo. Khungu ndi zoyerazo n'zowawa.

Pa Kamphande ukwati wa mu tchalitchi sunkakhala ndi mowa. Thobwa linkakhalapo lambiri, loti munthu amwe mpaka amasule lamba. Koma panalinso mwambo wina umene anthu a pamenepo ankanyadira. Akwati akakhala pansi, ankabweretsa chakumwa chofiira cha makangaza, chosaledzeretsa, chozizira cha mumtsuko. Mkwati ndi mkwatibwi ankayamba kumwa, kenaka mlendo aliyense ankalandira kapu yake yodzaza. Wochikonza anali mkazi wa a Mkwezalamba. Mayiwo atamwalira, bamboyo anapitiriza yekha, mpaka manja ake anayamba kunjenjemera ndi ukalamba.

Chaka chimenecho wokwatiwa anali Eneresi, mdzukulu wawo, mwana amene analeredwa m'nyumba mwawo momwemo. Kuyambira pamene maluwa anayoyoka, nkhalambayo inkazungulira mitengo ija m'mawa uliwonse. Chipatso chilichonse inachimanga m'kapepala kuti mbalame zisachijomphe. Mvula itakata, mwezi wa Epulo, inathyola makangaza zana limodzi ndi makumi awiri, n'kuwayala pamkeka m'chipinda. Kenaka inaitanitsa Nangozo.

Nangozo anali mayi wamphamvu ndi wachangu. Pamaliro, paukwati, pamsonkhano, ntchito ikafika m'manja mwake inkatha anzake akadamanga nsalu m'chiuno. Akagwira munsi, a kutsidya kwa mtsinje ankadziwa kuti akusinja ndi Nangozo. Anali munthu wabwino, wosadziwa miseche, ndipo ankaikonda ntchito ya Mulungu. Chimene sankachikonda n'kukhala pansi nthawi yaitali.

A Mkwezalamba anatenga khangaza limodzi ndi beseni la madzi, n'kumuonetsa.

"Nangozo, chipatso ichi sichifuna mkono, chifuna zala. Dulani kamutu aka. Chekani khungu malo anayi, mpeni usalowe m'kati. Ndiye mulinyemere m'madzimu, muzikokolola njere ndi zala. Mwaona? Njere zamira, zoyera zayandama. Zoyandamazo muziwole, mutaye."

"Ndaona, bambo."

"Njerezo muziike m'nsalu yoyera, mufinye ndi manja okha. Musaphwanye kanthanga ka m'kati. Mukatero muthiremo madzi ophitsa ozizira, mandimu pang'ono, jinja pang'ono, shuga wongokwanira. Mtsuko muufunditse chiguduli chonyowa, ukhale pamthunzi. Ndipo muchite Lachisanu, osati Lachitatu. Chikagona masiku atatu chimayamba kuwira, n'kusanduka chomwecho chimene mpingo unakana."

"Musadere nkhawa, a Dikoni. Mwana uyu ndi wa tonse."

Lachisanu, belu la m'mawa litangolira, Nangozo, Nasoko ndi amayi ena awiri anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, aliyense ndi beseni lake. Ntchito inayamba bwino. Ankayimba, ankaseka, njere zofiira zikugwera m'madzi. Kunali kamphepo kabwino ka nthawi yokolola, ndipo kumapiri kunkaoneka mbee. Nangozo anamva mtima wake uli m'malo. Anafinya nsalu yoyamba, madzi ofiira n'kutsikira m'kamtsuko, ndipo atalawa anagwedeza mutu. Chinali chokoma monga cha malemu Mayi Mkwezalamba.

Koma dzuwa litafika paliwombo, anawerenga makoko ndipo anapeza kuti atha makangaza makumi atatu okha. Kamtsuko kamodzi kakang'ono ndi kamene kanadzaza. Zala zinali zitada, misana ikuwawa. Nkhuku zinali zisanaphedwe, mpunga usanasankhidwe, nkhuni zisanafike. Ukwati unali mawa lake.

Nasoko anawongola msana, n'kupukuta manja pachitenje.

"Amayi anayi athunthu, a zidzukulu zathu, kukhalira kutola tinjere ngati nkhuku. Kodi tikusaka nsabwe m'mutu mwa mwana?"

Enawo anaseka. Nangozo sanaseke.

"A Dikoni anati zala," anatero.

"A Dikoni anaphikapo liti phwando? Amuna amadziwa kulamula zala za eni ake. Nsinjiro timasinja, mapira timasinja, chigwada timasinja. Khangaza ndi mfumu yanji kuti lisalowe mumtondo? Inu, Nangozo, ndi mkono wanuwo, izi n'zotha tisanamalize nyimbo ziwiri."

Nangozo anayang'ana dzuwa. Anayang'ana mulu wa makangaza. Anadziwa bwino chimene anauzidwa, pakuti mawu a nkhalamba ija anali akadali m'makutu mwake. Koma anaganiza za nkhuku, anaganiza za mpunga, anaganizanso za dzina lake, loti kwa Nangozo ntchito sigona. Mumtima anati, madzi ndi madzi basi, kaya atuluka ndi zala kaya ndi munsi.

"Katengeni mtondo. Muutsuke bwino," anatero.

Anadula makangaza makumi asanu ndi limodzi pakati, n'kumawaponya mumtondo ndi makoko omwe. Nangozo anagwira munsi, ndipo mtima wake unakondwa kubwerera ku ntchito imene unkaidziwa. Ola limodzi lisanathe anali atasinja, atasefa, atathira madzi ophitsa. Mitsuko iwiri ikuluikulu inadzaza. Chakumwacho chinali chofiira kwambiri kuposa choyamba chija, chokongola m'maso, choti munthu wodutsa akanameza malovu.

"Mwaona?" anatero Nasoko. "Otsala makumi atatuwo tiponyemonso, tizipita ku nkhuku."

"Dikirani ndilawe."

Nangozo anatunga ndi chikho. Pamilomo chinayamba ndi kutsekemera. Atameza, lilime linauma ngati wadya nthochi yosapsa, ndipo pakhosi panatsala kuwawa konga kwa kwinini. Anathira masupuni awiri a shuga m'chikhomo, n'kutakasa, n'kulawanso. Anawonjezera ena awiri. Kuwawako sikunachoke. Kunangobisala kumbuyo kwa shuga, n'kumadikira kuti munthu ameze.

Anapereka chikhocho kwa Nasoko. Nasoko analawa, anakwinya nkhope, koma msanga anaiwongola.

"Si nkhani imeneyi. Tengani kamtsuko kabwinoko, tithire m'mitsuko iwiriyi, kuwawa kuchepe. Tiwonjezere shuga ndi jinja wambiri. Akuchimuna akuchokera kuchigwa, sanalawepo khangaza chibadwire. Adzati ndi mmene zimakomera zakumwa za kumapiri."

"Nanga a Dikoni?"

"Pa msinkhu umenewo lilime limasiyanitsa chiyani? Ndiponso tsiku la ukwati wa mdzukulu wawo, chilichonse chidzawakomera. Aliyense adzalandira kapu yodzaza, inu mudzayamikiridwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Tili anayi pano. Ndani akaulule?"

Amayi awiri enawo anayang'ana pansi.

Apa ndi pamene panali mayeso, abale anga. Kusinja kuja kunali kulakwa kwa changu, kumene kumagwera munthu aliyense. Koma chimene Nasoko ankanena tsopano chinali china.

Nangozo anawerama, n'kunyamula kamtsuko kabwino kaja. Anakafikitsa pakamwa pa mtsuko waukulu. Kununkhira kwake kunamufika m'mphuno, koyera, kopanda chilema. Ndipo anaganiza kuti, pa zonse tagwira lero, chabwino chatsala ndi ichi chokha. Ndikachithira umu, sichidzabweranso. Sichichiritsa chowawachi, chingofera momwemo. Anakumbukiranso nkhalamba ija itaima pansi pa mitengo yake, manja akunjenjemera, ikumanga kapepala pa chipatso chimodzi chimodzi.

Anabweza kamtsuko pamthunzi, n'kukafunditsa chiguduli chake.

"Pasapezeke wokhudza kanthu pano mpaka ndibwere," anatero.

"Mukupita kuti, amzanga?"

"Kwa mwini mitengo."

Anatunga chowawa chija m'chikho, osathiramo shuga, n'kuyamba ulendo. Kuchokera kutchalitchi kufika kwa a Mkwezalamba si patali, koma tsiku limenelo njira inamutalikira. Ankadziwa kuti makangaza sabereka kawiri pachaka. Ankadziwanso kuti mawa mudzi wonse udzamva kuti wapampando wa amayi wawononga chakumwa cha ukwati, ndipo mwina mpandowo udzapatsidwa wina.

Anawapeza a Mkwezalamba pakhonde akupukuta nsapato zawo za pa Sabata. M'nyumba Eneresi ankasita malaya a agogo akewo ndi simbi ya makala, akuyimba chapansipansi. Nangozo anaodira, n'kugwada m'mphepete mwa khonde.

"Mwatha kale, Nangozo? Anthu sanama, muli ndi changu."

"Sitinathe, bambo. Ndalakwa."

Anapereka chikho ndi manja awiri. Nkhalambayo inaika nsapato pansi, inalawa pang'ono, n'kutsinzina.

"Mtondo?"

"Mtondo, bambo."

"Angati?"

"Makumi asanu ndi limodzi."

A Mkwezalamba anatembenuka n'kuyang'ana mitengo yawo, imene tsopano inali masamba okhaokha. Nyimbo ya m'nyumba ija inali italeka. Nangozo anangoyang'ana zala zake zakuda.

"Nzeru imeneyi anakupatsani ndani?"

"Munsi ndinagwira ndine, bambo."

"Chimene munafinya ndi manja chili kuti? Mwasakaniza?"

"Ayi. Ndinanyamula kuti ndithire, koma ndinabweza. Ndipo makangaza makumi atatu akadali osakhudza."

Nkhalambayo inapuma mpweya wautali, n'kukhuthulira pansi zotsala za m'chikho.

"Ndiye kuti ukwati ulipo," inatero. "Eneresi, ndipatse chipewa ndi ndodo."

Eneresi anatuluka ndi chipewacho. Anamugwira Nangozo pamkono kuti adzuke.

"Amayi, musadandaule. Ine ndikukwatiwa ndi munthu, osati ndi mtsuko."

"Iwe khala chete, ukasite," anatero agogo akewo, koma pakamwa pawo panali kumwetulira.

Atafika pansi pa mtengo wa mango, a Mkwezalamba analamula kuti mitsuko iwiri yowawayo ikakhuthulidwe kudzala nthawi yomweyo, dzuwa likuwala, aliyense akuona. Nangozo anaisenza yekha, umodzi umodzi. Nthaka ya kudzala inafiira. Atabwerako anapeza nkhalamba itakhala pa kampando, beseni lili pamiyendo, ikukokolola njere ndi zala zake zonjenjemera.

Nasoko anakhosomola.

"A Dikoni, za mtondozi ndinayambitsa ndine."

"Ndinadziwa, mayi. Nangozo Mulungu anamupatsa mkono, inu anakupatsani pakamwa. Khalani pansi, tione ngati anakupatsaninso zala."

Amayi onse anaseka, Nasoko yemwe. Pamenepo Nangozo anachita chimene akanayenera kuchita masana aja: anatuma uthenga kwa amayi a m'midzi yoyandikana kuti ntchito yamukulira. Sanakane. Anabwera asanu ndi mmodzi, ena ndi mipeni ya nkhuku, ena ndi malichero a mpunga, ndipo nkhuni zinafika pangolo. Dzuwa lisanalowe, kamtsuko kachiwiri kanali katadzaza, ndipo timitsuko tiwirito tinakhala pamthunzi titafunda ziguduli zonyowa.

Loweruka ukwati unayenda mwadongosolo. Belu linalira pa nthawi yake, akwati analowa pa nthawi yake, ndipo alendo anakhala m'mizere pansi pa chisakasa. Thobwa linali lambiri. Itafika nthawi ya chakumwa chofiira, mkwati ndi mkwatibwi analandira makapu odzaza. Ena onse analandira theka la kakapu ka tiyi. Wothira anali Nangozo mwini wake, akuyenda mzere ndi mzere.

Azakhali a mkwati, mayi wonenepa wa kuchigwa, analawa, n'kutseka maso, n'kulawanso.

"Apongozi, kumapiri kuno muli ndi kaumbombo. Chinthu chokoma chonchi n'kutipatsa chongonyowetsa milomo?"

"Si umbombo, mayi," anayankha Nangozo. "Chinalipo chokwanira. Theka ndinawononga ndine dzulo, chifukwa cha phuma."

Mlendoyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ngati akazi a kuno amayankha chonchi, mwana wathu wakwatira pabwino. Koma kadontho kena muthiremo."

Nangozo anathiramo kadontho. Anthu anamwa pang'onopang'ono, monga amamwera chinthu chochepa, aliyense akusunga kukoma kwake m'kamwa. Palibe amene anakwinya nkhope, palibe amene anakalavulira kuseri. A Mkwezalamba anakhala pampando wawo, nsapato zikuwala, kakapu kali m'manja, akuyang'ana mdzukulu wawo. Nangozo atafika kumapeto kwa mzere womaliza, mumtsuko munatsala zongokwanira kunyowetsa lilime lake. Anamwa ataimirira, ndipo mtima wake unali pamtendere.

Tsopano imvani tanthauzo lake, inu amene mwakhala pano.

Shuga sachotsa kuwawa. Amangokuphimba kufikira munthu atameza. Tonsefe tinasinjapo mumtondo chimene tinauzidwa kuti tigwire ndi zala. Tinauzidwa bwino, tinamva bwino, koma tinayang'ana dzuwa n'kunena kuti njira ya Mwini ndi yochedwa. Limenelo ndi tchimo, ndipo sindilichepetsa. Koma choopsa chimabwera pambuyo pake, pamene munthu walawa, wadziwa kuti chawawa, ndiye ayamba kufunafuna shuga. Wina amathira kuyimba mokweza. Wina amathira pemphero lalitali. Wina amathira malaya oyera a pa Sabata ndi moni waulemu pakhomo la tchalitchi. Ndipo wina amatenga kabwino kochepa kamene kanatsala mwa iye n'kukathira m'choipacho, poganiza kuti chisungunuka. Sichisungunuka. Kabwinoko ndi kamene kamatayika.

Anthu mukhoza kuwapusitsa, makamaka alendo. Mwini mitengo simungamupusitse, pakuti lilime lake silikalamba. Iye safuna mitsuko yodzaza ndi zosakaniza. Theka la kapu loyera amalilandira, ndipo amalidalitsa kuti likwanire phwando. Choncho ngati pali chimene mwasinja, musathamangire shuga. Tungani m'chikho mmene chililimo, mupite nacho kwa Mwini wake dzuwa likadalipo, mugwade, munene kuti munsi ndinagwira ndine. Mudzapeza kuti atenga ndodo yake n'kubwera kudzakhala nanu pa ntchito imene yatsala.

Koma kukhululukidwa sikuthetsa dongosolo. Chinthu cha phwando la mpingo chinali chitawonongeka, ndipo nkhani yotere siithera pansi pa mtengo wa mango. Lolemba m'mawa bwalo la akulu linakhala m'chipinda cha kuseri kwa guwa, Bambo Elifasi Dzonzi ali pampando. Anamva a Mkwezalamba, anamva Nangozo, anamva Nasoko, aliyense pa nthawi yake. Atatha kunong'onezana ndi akulu anzawo, a Dzonzi anaimirira, n'kuyang'ana Nangozo, n'kugamula motere:

"Mayi Kumbanyiwa, mlandu ulipo. Munalandira malangizo omveka ndipo munawaphwanya. Makangaza makumi asanu ndi limodzi sangabwererenso pamtengo. Koma munabwera nokha musanaitanidwe, simunasakanize, ndipo simunakankhire mnzanu. Chifukwa cha ichi mpando wanu sitikuchotsani. Chilimwe chikubwerachi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, muzithirira mitengo ya a Dikoni kawiri pa mlungu. Mayi Chadzunda, amene munapereka nzeru, muzisenza ndowa yachiwiri. Chaka chamawa chakumwachi mudzakonzanso ndinu nomwe, ndi amayi asanu ndi atatu, ndipo mtondo udzatsala kunyumba."

Mayi Kumbanyiwa anagwada, anawomba m'manja, n'kunena kuti, "Ndavomera, bambo." Mayi Chadzunda anatsegula pakamwa kuti anene za kutalika kwa chitsime, koma ataona nkhope ya a Dzonzi anatsekanso, n'kuwomba m'manja nawonso. Dikoni Mkwezalamba anavomera chigamulocho, n'kungopempha chinthu chimodzi, kuti pothirirapo aziyambira mtengo woyamba kutsata mzere mpaka wachisanu ndi chinayi, osadumpha. Bwalo linalola, ndipo onse atatu analandira chigamulocho.